Galimoto ya Sipanala Itakana Kulira

Chete ankasesa pabwalo dzuwa litatsala pang'ono kulowa, dzanja limodzi lili pa tsache, lina likuchirikiza msana. Mimba yake inali italowa mwezi wachisanu ndi chinayi, ndipo kuwerama kunkamuvuta. Dzina loti Chete anamupatsa ndi abale a mwamuna wake, chifukwa chibwerereni pakhomopo palibe amene anamumvapo akukweza mawu, ngakhale pothamangitsa nkhuku.

Pansi pa mtengo wa mango panali galimoto yoyera yomwe utoto wake unali utatuwa. Mwamuna wa Chete, yemwe mudzi wonse unkamutchula kuti Sipanala, anali atatha masiku atatu ali chagada pansi pake. Zamakaniko sanaphunzirepo kwa aliyense. Ankangoonerera ena akamakonza, kenako n'kunena kuti, "Zimenezi n'zosavuta." Ulendo uno anasintha kilatchi, ndipo poti manja anali atada kale, anamasulanso zina za pa injini n'kuzitsukira m'beseni la Chete lochapira zovala.

M'mudzimo munalibe galimoto ina. Namwino wa pa kachipatala kapafupi anali atamuuza Chete mosapsatira mawu kuti mwana wakhala mopingasa, ndipo asayerekeze kuchirira pakhomo. Matenda akangoyamba, athamangire kuchipatala chachikulu, ulendo wa maola awiri pamsewu wafumbi. N'chifukwa chake Sipanala anaganiza zokonzeratu galimotoyo, ndipo n'chifukwa chakenso amayi ake a Chete anafika m'mawa wa tsiku limenelo ndi chikwama chawo, kudzadikirira mdzukulu.

Tsache linakhudza kanthu pafupi ndi chitseko. Kanali kakuda, kolimba, kotalika ngati chala chachikulu, pamwamba pake pali kalilime kachitsulo chofiirira. Kanagona pakhomo penipeni, kalilimeko katalozera m'nyumba.

"Amayi," Chete anaitana motsitsa mawu. "Taonani ichi."

"Usakagwire!" Amayiwo anamukokera m'mbuyo. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatola kanthuko ndi pepala n'kukakulunga m'kansalu. "Wakalumpha?"

"Sindikudziwa."

"Anthu ena mimba ya mnzawo imawapweteka m'maso. Amuna ako usawauze, angati ndafika lero n'kuyamba lero lomwe kunyoza abale awo. Ndikataya kumtsinje ndikapeza mpata."

Chete anangogwedeza mutu. Anamaliza kusesa, koma pakhomopo ankapalambalala.

Kutacha, Sipanala anasamba m'manja ndi sopo kawiri, anakhala pampando wake n'kuitana aliyense kuti adzamve. Anabweranso Alamu, achemwali ake aakulu a Sipanala, omwe ankakhala okha m'kanyumba ka kuseri ndipo ankagulitsa zovala zakale pamsika. Anali mayi wamfupi wansangala, wokonda nthabwala, ndipo Chete atafika kumene pakhomopo ndi iwo anamuonetsa kotunga madzi ndi anthu oyenera kuwapatsa moni mogwada.

Sipanala anapotokola kiyi. Injini inati khwe-khwe-khwe, n'kukhala chete. Anayesanso. Khwe-khwe-khwe.

"Yayamba chifuwa," anatero Alamu. "Uyimwetse madzi otentha."

"Achemwali, inu za galimoto mukudziwapo chiyani? Mukangokwera mumasanza tisanafike n'pamlatho pomwe."

"Ine sindidziwa kanthu. Koma isanakumane ndi madokotala inkayenda."

Onse anaseka kupatula Chete. Tsiku limenelo Sipanala anabwereka batire kwa wometa tsitsi, koma sizinathandize. Mawa lake anachotsa mapulagi onse anayi, anawapala ndi mpeni, anawawamba pamoto, n'kuwabwezera. Tsiku lachitatu anayamwa petulo ndi kapaipi kuti aone ngati akufika, mpaka milomo inasuwa. Tsiku lachinayi amuna asanu ndi mmodzi anaikankha kutsika nayo kamtunda ka kuchigayo, n'kubwera nayo akutukwana, thukuta lili kamukamu. Galimoto inabwerera pansi pa mtengo ili duu.

"Bambo, bwanji osaitana amakaniko?" Chete anafunsa madzulo, maso ali pansi.

"Kuti adzandiseke? Ndatsala pang'ono kuchipeza, mayi. Usade nkhawa."

M'mawa wa tsiku lachisanu telala wa pamphambano anapezeka atafa pamphasa yake. Dzulo lake anali bwinobwino, akupalasa makina mpaka mdima. Anthu omwe anafika koyamba anati pakhomo pake panali mapazi a matayala, ozungulira nyumba kamodzi n'kulowera kutchire komwe kulibe msewu. Mayi wina wogulitsa tomato anati anamva kulira kwa injini atambala asanalire, kulira kotsika ngati kwa munthu wobuula. Wina anati iye sanamve kanthu, koma anadzuka m'nyumba monse mukununkha labala wopserera.

Kuchitsime nkhani inkatha Chete akangotulukira. Amayi omwe kale ankamutula ndowa ankangomuyang'ana pamimba, kenako n'kuyang'anana.

Mlonda wa pachigayo ndiye analankhula poyera. Anauza aliyense wobwera kudzagayitsa kuti anaona galimoto ndi maso ake, yoyera, yopanda nyali, ikudutsa pang'onopang'ono ngati ikuwerenga nyumba.

"Woyendetsa munamuona?"

"Wamfupi. Mutu umangoonekera pang'ono pamwamba pa chiwongolero. Anamanga kansalu kumutu."

"Madala inu, munali mutalawa."

"Ndinasiya chaka chatha. Funsani."

Sipanala atamva anakwiya mpaka kuponya sipanala padenga la khola. Galimoto yokanika kulira masana ingayende bwanji usiku? Anachotsa batire n'kukaiika pansi pa bedi, kiyi n'kumagona nayo m'thumba la kabudula.

Chete sankalankhula, koma maso ake ankagwira ntchito. Iye ndiye ankayamba kudzuka pakhomopo. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anapeza mphaka atadzipinda pa boneti, m'mawa wozizira woti mpweya unkaoneka potuluka m'kamwa. Anaika dzanja pachitsulocho. Chinali chofunda ngati mphika wophulidwa posachedwa. M'matayala munali dothi lofiira, lonyowa, pomwe mvula inali isanagwe kwa miyezi inayi ndipo dothi la pabwalo pawo linali lamchenga. Anasuzumira pawindo. Mpando wa woyendetsa unali utakokeredwa kutsogolo mpaka kutsala pang'ono kugunda chiwongolero.

Sipanala anali wamtali ngati mtengo wa magetsi. Atabwera kudzayambanso ntchito anagunditsa bondo polowa, anatukwana, n'kukankhira mpandowo m'mbuyo.

"Ndani akumasewera ndi mpando wanga? Dzulo ndinaupezanso chonchi."

Chete anabwerera kukhitchini akuwerenga mumtima. Pakhomopo panali akazi atatu, onse aafupi, onse omanga kansalu kumutu. Wina anali iye mwini.

Masana Alamu anamupeza akuchapa n'kumulanda beseni. "Khala pansi iwe, ungatiberekere pamwala pano." Anachapa kwakanthawi akung'ung'udza nyimbo, kenako anafunsa ngati akungocheza. "Kodi amayi ako kumudzi kwanu amagona bwino?"

"Bwanji, alamu?"

"Ayi, ndangofunsa. Dzana ndinawaona m'bandakucha ataima pafupi ndi mtengo wa mango. Mwina ndi chikhodzodzo cha ukalamba." Anafinya malaya mwamphamvu. "Paja galimotoyi inadwala tsiku liti?"

Funsolo linamukhala Chete pamtima ngati mwala. Madzulo amayi ake atapita kubafa, iye analowa m'chipinda chawo n'kupisa dzanja m'chikwama. Kansalu kaja kanali momwemo, pansi pa zitenje. Kumtsinje kunali kosatalika, ndipo amayi ake anali atapitako kawiri. Anabwezera zonse mmene zinalili, ndipo pa chakudya chamadzulo ankayang'ana mapazi a amayi ake omubala, kufufuza dothi lofiira. Atadzizindikira zomwe akuchita, chakudya chinamukanika.

"Amayi, chija simunataye?" anafunsa mawa lake.

"Nditaye bwanji? Ndikangotuluka, alamu ako ali pambuyo panga ngati mthunzi. Akandiona ndikuponya chinthu m'madzi, anena kuti chiyani?"

Yankholo linali lomveka. Koma Chete anaona kuti masiku amenewo mayankho onse ankamveka, ndipo palibe limodzi lomwe linkamukhazika mtima pansi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi mlonda wa pachigayo anapezeka atafa ali chikhalire pampando wake, maso ali tong'o, chibonga chili pamiyendo. Kutsogolo kwake, mu ufa womwe unatayikira pansi, munadutsa mapazi a matayala. Pamaliro pake palibe anakhala pafupi ndi a kwa Sipanala. Amayi ake a Chete atagwada kuti apereke moni, mkazi wa malemuyo anatembenukira kukhoma.

Pobwera kumaliroko Sipanala anaimbira foni amakaniko a kutauni. Amakanikowo anati ali ndi ntchito ina, afika pakapita masiku atatu. Chete anawawerenga masikuwo ndi msana. Ululu unkabwera n'kupita, mwana akukankha m'nthiti, ndipo nthawi iliyonse ankayang'ana pansi pa mtengo wa mango n'kukumbukira nkhope ya namwino uja.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri, dzuwa lili paliwombo, anamva Alamu akufuula pabwalo. Atatuluka anapeza anthu atadzaza kale mpaka kumpanda. Chikwama cha amayi ake chinali chitakhuthulidwa pansi, zitenje ndi tizovala ta mwana tili mbwee m'fumbi. Alamu ananyamula kansalu kaja ndi timitengo tiwiri.

"Ndinkafuna singano, abale anga, singano yokha! Taonani zomwe alendo atibweretsera. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma aka n'kometera mitu yathu!"

Kanthu kakuda kaja kanagwera pamchenga, anthu n'kubwerera m'mbuyo. Amayi ake a Chete anaima pakhonde manja ali kumbuyo.

"Apongozi," Sipanala anatero. "Chimenechi n'chiyani?"

"Bambo, ndinachitola pakhomo panu."

"Akunama!" wina anakuwa kumbuyo. "Achoke lero lomwe!"

"Achoke bwanji wamoyo, anzathu awiri ali m'manda?"

Chete anaona mwana wamkulu wa mlonda uja akuwerama kutola njerwa. Anayenda mpaka kukaima kutsogolo kwa amayi ake, mimba ili patsogolo.

"Ndinachipeza ndine," anatero. Mawu ake anali aang'ono, koma poti anthu anali asanawamvepo, anakhala chete kuti amve. "Posesa. Amayi anangondisungira."

"Ndiye ali awiri," mayi wa tomato ananong'ona.

Nthawi yomweyo njinga yamoto inaima pampanda. Anatsika bambo wonenepa wovala ovolosi yothimbirira, atanyamula bokosi la zitsulo. Anadutsa pakati pa anthuwo akupukuta thukuta, anayang'ana pomwe onse ankayang'ana, n'kuwerama kutola kanthu kaja ndi dzanja lake. Amayi ena anakuwa.

"Lota iyi yatani?" anafunsa amakanikowo. "Mwini galimoto ndani pano?"

Sipanala anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Achimwene, munatsegula kabokosi kogawa moto kumapulagi?"

"Ndinangotsukamo pang'ono."

"N'kutseka osabwezeramo ichi? Popanda kameneka mukhoza kuikankha mpaka kumalire a dziko, siingalire. Masiku khumi ndi awiri! Mukanandiimbira tsiku loyamba, bwenzi nditakuuzani pafoni pomwepo."

Wina anaseka, ena n'kutsatira, kuseka kwa manyazi. Njerwa ija inagwera pansi mwakachetechete. Koma mayi wa tomato sanaseke. "Nanga poti simalira, yomwe imayenda ija ndi iti?" anafunsa, ndipo kuseka kunazima.

Amakaniko sanamve, mutu unali kale mu injini. Anabwezera kanthuko, anamangirira batire, n'kuuza Sipanala kuti ayese. Khwe-khwe-khwe. Amakaniko anakwinya nkhope. Anachotsa waya umodzi, anauyandikiza kuchitsulo, moto unathetheka bwinobwino. Ananunkhiza pulagi, petulo analipo.

"Moto ulipo, mafuta alipo, mpweya ulipo. Ikufunanso chiyani? Tayesaninso."

Khwe-khwe-khwe.

Apo m'pamene ululu unamugwira Chete ngati wamumanga chingwe m'chiuno n'kukoka. Anagwira mzati wa khonde, madzi ofunda n'kutsika m'miyendo yake mpaka kumapazi.

"Nthawi yakwana!" amayi ake anafuula. Amayi awiri anamunyamula n'kukamukhazika kumpando wakumbuyo. Amayi ake ankatolera tizovala ta mwana m'fumbi muja, koma Alamu anawatsekereza ndi mkono.

"Inu khalani kaye, nkhani yanu sinathe. Mlamu wanga ndimuperekeza ndine, ndisanze ndisasanze." Analowa n'kukhala pambali pa Chete, n'kutseka chitseko.

"Yesani komaliza," anatero amakaniko. "Ikakana timukweza panjinga, ngakhale sindikudziwa ngati angafike."

Sipanala anapotokola kiyi. Injini inalira nthawi yomweyo, mosalala ngati yatsopano. Anthu anaomba m'manja, wina analuluta, amakaniko anamenya boneti ndi chikhatho. "Mwaona? Inkangofuna kukokera mafuta."

Galimotoyo inali itayang'ana kumtengo, choncho inafunika kubwerera m'mbuyo kaye. Sipanala anaponda kilatchi n'kukankha giya. Inakukuta mano, khrrr, osalowa. Anayesanso, thukuta likugwera pachiwongolero. Khrrr.

"Imeneyi sinkachita chonchi," anatero. "Chiikireni kilatchi yatsopanoyi sindinaiyendetsepo."

"Iwe, usalimbane nayo," anatero Alamu, maso ali pa Chete, akumupukuta pachipumi ndi kansalu. "Ponda kawiri, uyambe waika yachiwiri, kenako ukokere kwa iwe pang'ono. Masiku ano imalowa choncho."

Sipanala anaponda kawiri, anaika yachiwiri, anakokera kwa iye. Giya inalowa mofewa ngati mpeni m'papaya. Koma phazi lake silinachoke pa kilatchi. Anakweza maso pang'onopang'ono n'kuyang'ana achemwali ake pagalasi.

Amakaniko anali ataima pawindo, ndipo anamva zonse. "Mayiwa amayendetsa?" anafunsa.

"Sanagwirepo chiwongolero chibadwire," Sipanala anayankha ndi mawu ouma.

"Nanga chiikireni kilatchiyi, galimotoyi yayendapo ndi injini?"

"Ayi."

Dzanja la Alamu linaima pachipumi pa Chete. Linali lozizira, ndipo tsopano Chete anamva fungo lomwe linali pakansaluko, fungo la labala wopserera.

"Alamu," anatero. "Tsikani."

"Ukuti chiyani, mwana iwe?"

"Ndati tsikani! Amayi, bwerani!"

Mawuwo anamveka mpaka kumpanda. Alamu anamuyang'ana kwa nthawi yaitali, osakwiya, osachita manyazi. Kenako anapinda kansalu kawo bwinobwino, anatsegula chitseko n'kutsika. Phazi lawo lachiwiri litangoponda pansi, injini inazima.

Amayi ake a Chete analowa msangamsanga n'kumukumbatira mwana wawo. Sipanala anapotokola kiyi. Khwe-khwe-khwe. Amakaniko anamukankha n'kukhalapo okha, anayesa katatu, anatsegula boneti, anagwira waya uliwonse, n'kubwerera manja ali lende.

"Palibe chomwe chavuta," anatero motsitsa mawu. Anazula kiyi n'kuiyang'ana ngati ingawauze kanthu. "Zaka makumi awiri ndili pantchitoyi. Palibe chavuta."

Anthu anali atabwerera m'mbuyo mpaka kumpanda, kuwasiya Alamu okha pamthunzi wa mango, manja atapinda pachifuwa. Palibe amene anatola njerwa.

Ululu unabweranso, waukulu kuposa woyamba, ndipo Chete analuma chitenje cha amayi ake kuti asakuwe. Amayiwo anamugwira pamimba, anasisita mbali iyi ndi iyo, ndipo nkhope yawo inasintha.

"Panjinga safika," ananong'oneza mkamwini wawo. "Ngakhale theka la njira."

"Ndiye ine ndizipita kwanga?" Alamu anafunsa mokoma, ngati akufunsa za mchere. "Ndasiya nyemba pamoto."

Sipanala anabwerera pachiwongolero n'kuika nkhope m'manja. Chete anayang'ana msewu wafumbi womwe unkayambira pampanda, wautali, wopanda kanthu, ukunyezimira ndi dzuwa. Mwana anagwedezeka kamodzi pansi pa nthiti zake, mofooka.

"Amayi, sunthirani pakati," anatero. "Musandisiye dzanja, ngakhale zitavuta bwanji."

Kenako anatembenukira kuwindo.

"Alamu. Kwerani."

Alamu anasasa fumbi kumapazi, analowa, n'kutseka chitseko mwaulemu. Injini inalira. Kiyi inali idakali m'manja mwa amakaniko, panja.

"Tiye, mchimwene wanga," anatero Alamu, akukonza kansalu kawo kumutu. "Ukafika pachigayo ukhotere kumanzere. Kuli njira yachidule."